Misoti yayamba kuikira msanga koma mazira ena ndi ofewa, vuto ndi chakudya kapena matenda?

Mayi a ku Bembeke

Moni nonse alimi anzanga. Ndili ndi misoti 14 ya nkhuku zofiira za mazira zija, ndinagula ili anapiye a tsiku limodzi pakati pa mwezi wa June. Lero yakwanitsa masabata 18, koma dzira loyamba ndinatola sabata yatha ili ndi masabata 17, pomwe ine ndimayembekezera mazira pa masabata 19 kapena 20.

Panopa zomwe zikuikira ndi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Mazirawo ndi ang'onoang'ono. Ena ali bwinobwino, ena chigoba chake n'chopyapyala moti ukangotsina ndi chala chikubooka. Awiri analibiretu chigoba, kachikopa kokha, ndipo ndinawapeza m'mawa pansi pa mtanda womwe zimagonapo. Limodzi linali lalikulu kwambiri, la zikasu ziwiri, lili ndi timagazi kunja.

Chakudya ndikuzipatsa growers mash wosakaniza ndi madeya, theka ndi theka, chifukwa cha mtengo. Masana zimatuluka mumpanda limodzi ndi nkhuku zachikuda zomwe zili ndi anapiye 9 a miyezi iwiri. M'khola muli babu la sola lomwe limayaka usiku wonse kuyambira zili anapiye, poyamba kuti zizidya, pano chifukwa cha akuba. Katemera wa chitopa zinalandira mu July. Zikudya bwino, sizikutsokomola, zitosi zili bwino.

Kodi ndi matenda? Ndisinthe chakudya pompano kapena ndidikire zonse ziyambe kuikira? Ena akuti ndizithire mankhwala m'madzi. Chonde ndithandizeni.

Mlangizi wa ziweto, Linthipe

Zikomo mayi pofotokoza zonse mwatsatanetsatane, chifukwa yankho lili m'mawu anu momwemo. Mankhwalawo musagule. Pano pakumana zinthu ziwiri. China n'chachibadwa ndipo chidzatha chokha. China ndi cha chakudya, ndipo chimenecho sichingathe chokha.

Tiyambe ndi chachibadwacho. Mukapha thadzi loikira mumaona tsango la timazira tachikasu, tina tatikulu tina ngati mapira. Chikasu chimodzi chikakhwima chimathothoka pa tsangopo n'kulowa m'njira ya mazira. Kuchokera pamenepo mpaka dzira kutuluka pamapita maola 24 mpaka 26. Choyera chija chimakuta chikasu kwa maola pafupifupi atatu, kachikopa kamatenga ola limodzi ndi pang'ono, ndipo maola pafupifupi 20 otsalawo dzira limakhala m'kathumba ka kumapeto, momwe limavala chigoba. Popeza nkhuku zambiri zimaikira m'mawa, ntchito yaikulu yopanga chigoba imachitika usiku nkhuku ili pamtanda.

Msoti wongoyamba kumene thupi lake limakhala lisanazolowere ndondomeko imeneyi. Nthawi zina zikasu ziwiri zimathothoka limodzi n'kukutidwa m'chigoba chimodzi, ndiye dzira lalikulu lija munaliona. Timagazi kunjako n'chifukwa choti potulukira panali pasanatambasuke mokwanira. Nthawi zina chikasu chachiwiri chimatsatira patangopita maola ochepa, n'kupeza kathumba kaja kali ndi dzira lina, ndiye chimatuluka ndi kachikopa kokha. Komanso msoti ukadzidzimuka usiku, kaya ndi khoswe, galu kapena tochi, umatha kutaya dzira lisanavale. Zoterezi zimaoneka m'masabata awiri mpaka anayi oyamba a msoti uliwonse, kenako zimachepa zokha. Kuchepa msinkhu kwa mazira nakonso si vuto. Oyamba amalemera magalamu 40 mpaka 45, ndipo pofika masabata 28 kapena 30 amakhala atafika pafupifupi magalamu 60.

Tsopano za chakudya, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna tiwerengere limodzi. Chigoba cha dzira pafupifupi chonse ndi laimu, ndipo m'chigoba chimodzi muli kashiamu wokwana magalamu 2. Nkhuku siyamwa kashiamu yense amene yadya, wina amangotuluka ndi zitosi, choncho yoikira imafunika kudya magalamu 4 patsiku. Growers mash amakhala ndi magalamu pafupifupi 10 a kashiamu pa kilogalamu. Madeya ndi chimanga alibe kashiamu woti n'kuwerengera. Mukasakaniza theka ndi theka mwatsala ndi magalamu 5 pa kilogalamu. Msoti wanu ukadya magalamu 100 patsiku ndiye kuti wapeza theka la galamu basi, pomwe chigoba chokha chikufuna magalamu 2.

Nanga mazira abwino aja akuchokera kuti? M'mafupa. Masiku 10 mpaka 14 dzira loyamba lisanabwere, msoti umayamba kusunga kashiamu m'kati mwa mafupa ake ngati nkhokwe, ndipo usiku uliwonse umatapamo. Nkhokweyo ndi yaing'ono, imatha pa mazira ochepa. Ikatha thupi limayamba kugumula fupa lenilenilo. Mukapitiriza chonchi masabata awiri kapena atatu muyamba kuona nkhuku yongokhala pansi, miyendo yopanda mphamvu, fupa la pachifuwa lopindika mukalisisita ndi chala. Zina zimangosiya kuikira.

Choncho musadikire kuti zonse ziyambe. Zomwe sizinayambezo zili m'masiku odzaza nkhokwe, zikufunanso kashiamu. Gulani layers mash, amene amakhala ndi magalamu 35 mpaka 40 a kashiamu pa kilogalamu ndi zomanga thupi zokwana maperesenti 16 mpaka 18. Masiku atatu oyamba sakanizani theka layers theka growers amene watsala, opanda madeya. Tsiku lachinayi layers yekha. Nkhuku imodzi magalamu 110 mpaka 120 patsiku, kutanthauza kilogalamu imodzi ndi magalamu 600 pa zonse 14. Thumba la makilogalamu 50 likukwanirani mwezi. Mugawe kawiri, gawo laling'ono m'mawa, gawo lalikulu cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana, kuti zikamakagona m'mimba mukhale kashiamu wopangira chigoba usikuwo.

Madeya ndikumvetsa chifukwa chake, mtengo wa chakudya tonse ukutipweteka. Koma madeya aliwonse amene mwathira mu layers mash akuchepetsa kashiamu ndi zomanga thupi pa mlingo womwewo, ndipo ndalama imene mwapulumutsa imathera m'mazira osweka.

Za kuyamba msangaku, wolakwa ndi babu lija. Chimene chimauza thupi la msoti kuti nthawi yoikira yakwana ndi kutalika kwa kuwala. Kuno kwathu mu June usana umakhala maola 11 ndi pang'ono, n'kumatalika mpaka pafupifupi maola 13 mu December. Anapiye a mu June amakula usana ukunka nutalika, ndipo zimenezo pazokha zimafulumizitsa. Mukawonjezapo babu la usiku wonse, misoti imakhwima msanga thupi lisanafike. Msoti wa mtundu wanuwu uyenera kulemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka poyamba kuikira. Tabwerekani sikelo, muyeze isanu, mutiuze. Wodya madeya theka ndikukayika ngati wafika pamenepo.

Wosakaniza zakudya za nkhuku, Lizulu

A mlangizi afotokoza bwino. Ine ndiwonjezere za kashiamu weniweniyo, chifukwa anthu ambiri akamva kuti laimu amangotola aliyense, ndipo ena apha nazo nkhuku.

Laimu alipo wa mitundu itatu imene mungakumane nayo. Njereza, wopaka nyumba ndi makola uja, musayerekeze kupatsa nkhuku. Amawotcha m'kamwa ndi m'matumbo. Wachiwiri ndi laimu wothira m'munda. Wina mwa ameneyu ndi wa dolomite, amene ali ndi maginiziyamu wochuluka. Nkhuku zikamudya kwambiri zimatsegula m'mimba ndipo chigoba chimapyapyala m'malo molimba. Werengani pathumba, mukaona mawu oti dolomitic musiyeni. Wachitatu ndi amene tikufuna, laimu wa zakudya za ziweto, amene amagulitsidwa m'masitolo a zaulimi ndi mankhwala a ziweto. Pa magalamu 100 aliwonse muli kashiamu magalamu 36 mpaka 38. Ngati mwagula wapamsika wopanda chizindikiro, ikani pang'ono pa mbale n'kudonthezera viniga kapena madzi a mandimu. Wabwino amachita thovu nthawi yomweyo ndipo amamveka kuti tsss. Wa dolomite amachedwa ndipo thovu lake limakhala lochepa.

Chinthu china chomwe ambiri sadziwa ndi kukula kwa timiyala take. Laimu wosalala ngati ufa amadutsa m'mimba msanga, pofika pakati pa usiku amakhala atatha, ndiye nkhuku imabwereranso ku mafupa. Wa timiyala ta mamilimita 2 mpaka 4, kukula ngati mpunga wosweka kapena mapira, amatsalira mu nthutumba n'kumasungunuka pang'onopang'ono usiku wonse. Kwa nkhuku yoikira, magawo awiri mwa atatu akhale a timiyala, gawo limodzi la ufa.

Ngakhale mugule layers mash, ikani kambale kapadera ka timiyala timeneti m'khola, kokhomerera kuti zisagudubuze, kasamathe. Nkhuku yoikira imadziwa yokha kutola pamene thupi likufuna, makamaka madzulo, ndipo yosaikira sikalabadira kwenikweni. Kwa inu mayi kambaleka n'kofunika kwambiri, chifukwa nkhuku zanu zimatuluka n'kumatola udzu ndi tizilombo, choncho sizimaliza mlingo wonse wa layers.

Ngati laimu sakupezeka pafupi, zigoba za nkhono zimagwira ntchito yomweyo. Ziwiritseni kaye kapena kuziwotcha pa makala, chifukwa nkhono zimanyamula njoka za m'mimba, kenako musinje mu mtondo, osafika pa ufa. Zigoba za mazira nazonso ndi zabwino. Zitsukeni, ziumitseni, zikazingeni mu chiwaya mphindi 10 mpaka ziyambe kusintha mtundu, ndipo muziphwanye zisaonekenso ngati dzira. Mukaponya chigoba chachiwisi chili ndi choyera m'kati, mukuziphunzitsa kujompha mazira, ndipo khalidwe limenelo likalowa m'khola kulichotsa n'kovuta. Koma musadalire zigoba za mazira zokha. Nkhuku ikufuna magalamu 4 patsiku, chigoba chake chikubweza 2, ndiponso mazira amene mwagulitsa apita ndi zigoba zawo.

Ngati thumba la layers lakukanikani, kuli bwino kusakaniza nokha kusiyana n'kusungunula la kusitolo ndi madeya. Kwathu kuno soya ndi chimanga tili nazo. Pa makilogalamu 10, chitani chonchi. Chimanga chogayitsa mosalalitsa pang'ono makilogalamu 5, madeya kilogalamu imodzi ndi theka, soya wokazinga ndi kugayitsa makilogalamu 2, bonya kapena usipa wosinja theka la kilogalamu, laimu magalamu 900, mafupa owotcha ndi kusinja magalamu 100, mchere magalamu 30, ndi premix (msakanizo wa mavitamini ndi michere) wa nkhuku zoikira pa mlingo wolembedwa pa paketi yake. Zimenezi zikupatsani zomanga thupi pafupifupi maperesenti 16 ndi kashiamu pafupifupi magalamu 38 pa kilogalamu. Nkhuku zanu 14 zidya zimenezi masiku 6.

Pamenepa pali mbuna zingapo. Soya wosakazinga amalepheretsa nkhuku kugaya zomanga thupi, choncho mukazinge mpaka asanduke wofiirira ndipo fungo lauwisi lithe, koma asapserere. Bonya musapitirize theka la kilogalamulo, mazira amayamba kununkha nsomba, ndipo ngati ndi wothira mchere chepetsani mchere winawo. Mafupa owotchawo musawadumphe. Ndi amene akubweretsa fosifolasi, yemwe nkhuku imafuna pobwezeretsa fupa masana, ndipo fosifolasi wa m'madeya nkhuku imangoyamwako pang'ono. Tinthu tochepato, mchere, premix ndi mafupa, yambani mwatisakaniza ndi madeya kilogalamu imodzi m'beseni, kenako muthire m'mulu waukulu n'kutembenuza kanayi kapena kasanu. Mukangothira pamwamba, nkhuku ina idya mchere wonse ina osalawa.

Ndipo nunkhizani madeya musanagule. Madeya a chimanga chonyowetsa pokonola akapanda kuyanikidwa bwino amachita chuku m'masiku ochepa. Akakhala ndi zibuma kapena fungo la chinyontho, asiyeni. Poizoni wa chuku amawononga chiwindi, ndipo chiwindi ndi chimene chimakonza vitamini D kuti kashiamu alowe m'magazi. Mukhoza kuthira laimu wokwanira koma zigoba n'kukhalabe zofewa chifukwa cha madeya owola. Vitamini D yemweyo nkhuku imapanga ikawothera dzuwa, ndiye zanuzo poti zimatuluka, mbali imeneyo muli bwino.

Mlimi wa nkhuku, Golomoti

Ndikugwirizana ndi akuluakulu awiriwa, koma pali chinthu chimodzi chomwe tisachilumphe. Mayi anena kuti mumpanda momwemo muli anapiye 9 a miyezi iwiri. Layers mash akafika, anapiyewo asamudye. Kashiamu wochuluka chonchija kwa nkhuku yosakwana masabata 16 amawononga impso, ndipo zina zimafa kapena kupinimbira osadziwa chifukwa. Ukazitumbula umapeza zoyera ngati choko pa mtima ndi pa chiwindi. Dyetserani misoti m'khola chitseko chili chotseka, growers wotsalayo mupatse anapiye paokha. Kambale ka timiyala kaja kakhale pamwamba pang'ono, poti nkhuku yaikulu yokha ifikire.

Chachiwiri ndi nyengo. Tili mu October. Ku Bembeke n'kozizira poyerekeza ndi kuno kunsi kwa phiri kapena ku Bwanje, koma khola la malata lopanda mazenera okwanira limatentha masana kulikonse. Nkhuku ilibe thukuta, imadziziziritsa ndi wefuwefu, kukamwa yasa, mapiko tambalale. Ikamapuma mothamanga choncho imataya mpweya wambiri umene thupi limagwiritsa ntchito popanga laimu wa chigoba, komanso imadya pang'ono. Ndiye m'miyezi ya October ndi November zigoba zimapyapyala ngakhale kwa mathadzi akale odya bwino. Lowani m'khola cha m'ma 1 koloko masana muone. Ngati zikuchita wefuwefu, yalani udzu pamwamba pa malata, tsegulani mbali ziwiri zoyang'anana muike waya kuti mphepo idutse, ndipo chakudya chachikulu chija muchipereke dzuwa litapendeka, cha m'ma 4 koloko.

Madzi asathe ngakhale ola limodzi. Nkhuku yoikira imamwa pafupifupi kapu imodzi patsiku, mamililita 200 mpaka 250, ndipo kukatentha imatha kumwa kawiri kuposa pamenepo. Pa 14 konzani malita 4 tsiku wamba, 7 tsiku lotentha. Chomwera chikhale pamthunzi, madzi musinthe masana akafunda.

Tsopano funso lanu loti ndi matenda kapena ayi. Pa zomwe mwalemba sizikuoneka ngati matenda, koma dziwani zizindikiro kuti musadzachedwe. Chitopa chimabweretsanso mazira ofewa ndi opindika, koma sichibwera chokha. Mazira amatsika mwadzidzidzi m'khola lonse, nkhuku zimazyolika, zitosi zobiriwira, kupuma movutikira, zina khosi kupotoka, ndipo zimafa. Pali nthenda ina ya chifuwa imene imapangitsa chigoba kukhala cha makwinya kapena chokhakhala ngati mchenga, mtundu wofiirira uja n'kuyererako, ndipo mukaswa dziralo choyera chake chimayenderera ngati madzi m'malo mogwirana. Imeneyo mumaimva usiku, nkhuku zikuyetsemula ndi kuliza m'khosi. Ndiye iswani dzira limodzi pa mbale yafulati. Choyera chikaima mounjikana kuzungulira chikasu, n'kutheka kuti nthenda ya chifuwayi palibe.

Katemera wa chitopa wa I-2, wodonthezera m'diso uja, amabwerezedwa pa miyezi inayi iliyonse. Mwatemera mu July, ndiye November wayandikira, ndipo ino ndi nyengo yomwe chitopa chimavuta. Kambiranani ndi alangizi a kwanuko kapena otemera a m'mudzi, ndipo mutemere zonse tsiku limodzi, zachikuda ndi anapiye omwe, dontho limodzi iliyonse.

Za mankhwala a m'madzi omwe akukuuzaniwo, nkhuku yosadwala sifuna mankhwala opha tizilombo. Ena a gulu la sulfa amasokonezanso kapangidwe ka chigoba, ndipo mukawapereka mazira a masiku amenewo ndi angapo otsatira sayenera kudyedwa kapena kugulitsidwa. Mungataye ndalama kawiri.

Chomwe mungachite usiku uno osawononga ndalama ndi kuyang'ana utitiri. Pitani ndi tochi, pukutani kunsi kwa mtanda ndi kansalu koyera. Mukaona timadontho tofiira, muli tizilombo toyamwa magazi usiku, tomwe masana timabisala m'ming'alu. Timasowetsa nkhuku tulo pa nthawi yomwe ikupanga chigoba. Chotsani zinyalala zonse muwotche, thirani madzi otentha m'ming'alu ya mitanda, ndipo mumpanda muike beseni la phulusa losakaniza ndi mchenga kuti zizisambamo.

Mayi a ku Bembeke

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Ndayeza zisanu pa sikelo ya pa golosale, zikulemera pakati pa kilogalamu 1.25 ndi 1.35. Dzira ndaswa, choyera chake chagwirana bwino. Utitiri sindinaupeze. Layers ndigula mawa ku Dedza boma. Koma mafunso atsala. Babu lija ndingolizimitsa lero lomwe? Mazira ofewawa tingadye? Ndipo m'mawa uno imodzi ndaiona kumbuyo kwake kwatuluka kanyama kofiira itangoikira, patapita kanthawi kanabwerera, koma inzake inayamba kuijompha.

Mlangizi wa ziweto, Linthipe

Mayi, yambani ndi ya kanyama kofiirayo, lero lomwe, zina zonse zidikire. Nkhuku ikamaikira, kumapeto kwa njira ya mazira kumatembenukira kunja pang'ono n'kubwerera dzira likangotuluka. Kwa msoti wochepa thupi, makamaka umene waikira dzira la zikasu ziwiri, minofu imachedwa kukoka, ndipo kusowa kwa kashiamu kumaifooketsanso, chifukwa kashiamu yemweyo ndi amene amathandiza minofu kugwira ntchito. Zinzake zikaona chofiira zimajompha, zikalawa magazi sizisiya, ndipo zimatha kukoka matumbo nkhuku n'kufa tsiku lomwelo.

Ichotseni, muiike yokha m'dengu lalikulu kapena m'katoni yoboola, pamalo amdima pang'ono ndi opita mphepo. Tsukani kumbuyoko ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono, supuni yaing'ono imodzi pa lita. Kakatulukanso, sambani m'manja, pakani Vaseline pa chala, mukabweze pang'onopang'ono n'kugwirizira mphindi imodzi kapena ziwiri. Ikhale mumdimamo maola 16 patsiku kwa masiku 5 mpaka 7 kuti ipume kuikira, ikupatsidwa madzi, chakudya ndi timiyala ta laimu. Ibwerere kwa zinzake pokhapokha pataumiratu, popanda chofiira chooneka. Ngati katuluka kwambiri, katupa, kada kapena kang'ambika, sikabwereranso bwino, ndipo kuli bwino kuipha isanavutike.

Kulemera komwe mwapezako kukutsimikiza zomwe timaganiza, zatsalira ndi magalamu 150 mpaka 250. Msoti umapitiriza kukula mpaka masabata 30, ndiye panopa chakudya chikugawidwa pawiri, thupi ndi dzira. Kwa masabata anayi akubwerawa musaziyezere chakudya mothina, zidye mmene zingathere, ndipo muziyeza zisanu zomwezo sabata iliyonse tsiku lofanana. Zimangeni kaulusi ku mwendo kuti muzizizindikira. Sikelo iyenera kumakwera. Ikaima kapena kutsika pomwe mazira akuchuluka, mazirawo adzagwa posachedwa.

Zisa nazo zikuthandizani pa vuto la kujomphanali. Nkhuku yoikira pamalo amdima imakhala pomwepo mpaka kumbuyo kutabwerera, zinzake osaona. Konzani zisa zitatu kapena zinayi, chimodzi pa nkhuku zinayi kapena zisanu, chilichonse masentimita 30 m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Muziike mbali yamdima ya khola, motsikirapo kuposa mtanda wogonapo kuti zisamagonemo, muyalemo udzu wouma kapena utuchi wokhuthala masentimita 5 mpaka 8, ndipo pakhomo pake mulendeweretse chidutswa cha thumba. Udzu wokhuthalawo upulumutsanso mazira opyapyala kuti asasweke pogwa. Tolani mazira katatu, cha m'ma 9, 12 ndi 3 koloko. Dzira lofewa likaphulika m'chisa chotsani udzu wonsewo nthawi yomweyo, chifukwa kudya mazira kumayambira pomwepo.

Babu musalizimitse kamodzin'kamodzi. Nkhuku zozolowera kuwala usiku wonse zikangopezeka mumdima zimadzidzimuka, kuunjikana pakona, ndipo zina zimasiya kuikira. Koma lisapitirirenso kuyaka mpaka kucha, chifukwa zimafuna maola 8 a mdima. Cholinga ndi maola 16 a kuwala, dzuwa ndi babu pamodzi. Masiku ano kukucha cha m'ma 5 koloko, ndiye babu liyenera kumazima 9 koloko usiku. Fikani pamenepo pang'onopang'ono. Masiku atatu oyamba zimitsani 3 koloko m'bandakucha, kenako 2 koloko, kenako 1 koloko, kuchotsa ola limodzi pa masiku awiri kapena atatu aliwonse mpaka mufike 9 koloko, ndipo mukafika pamenepo musasinthesinthenso. Za akuba, tulutsani babu lina panja liziwalitsa pakhomo la khola, mulitchinge ndi kachidutswa ka lata kuti kuwala kusalowe m'kati. Gulu lina la anapiye likadzabwera, babu la usiku ndi la sabata yoyamba ndi yachiwiri basi, kenako azikula ndi dzuwa lokha mpaka atakwana masabata 17 kapena 18 ndiponso atafika pa sikelo.

Mazira ofewawo mungadye ngati kachikopa sikanabooke ndipo sanagwere pa zitosi, koma tsiku lomwelo, okazinga kapena owiritsa mpaka chikasu chilimbe. Chigoba ndi chimene chimatchinga tizilombo, ndiye dzira lopanda chigoba silisungika. Amene mwawatola pansi pa mtanda ali ndi zitosi, akwirireni. A chigoba chopyapyala koma chosang'aluka idyani pakhomo m'masiku awiri kapena atatu, musawaike pa thireyi yogulitsa, amaphwanyika m'njira n'kudetsa anzawo. Abwinowo musawatsuke ndi madzi, ingopukutani ndi kansalu kouma, muwaike pa thireyi kosongoka kuli pansi.

Mukayamba layers ndi timiyala tija, zigoba ziyenera kuyamba kulimba pakati pa masiku 4 ndi 7. Lembani pa kalendala tsiku lililonse mazira onse ndi ofewa angati. Popeza misoti ina 8 ikubwera m'mbuyo, limodzi lofewa apa ndi apo lizionekabe mpaka masabata 23 kapena 24. Koma pakatha masiku 10 ofewa akadali oposa limodzi pa mazira 10 aliwonse, tengani atatu mwa mazirawo, chikho cha chakudya chomwe zikudya ndi pepala la pathumba lake, mupite nazo kwa alangizi a ziweto ku EPA (ofesi ya boma ya zaulimi) ya kwanuko akaone.